Za sitima zonyamula mafuta zomwe munafunsa

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tili bwino ndithu. Kalata yanu ndinailandira, ndipo ndaona kuti nkhani ya masheya yakulowani m'mutu. Mukuti mukufuna kugula masheya a kampani ya sitima zonyamula mafuta osayengedwa, koma chikukudabwitsani n'chakuti mtengo wa mafuta ukamatsika, nthawi zina eni sitimazo ndi pomwe amakolola ndalama. Musanapise m'thumba, tamvani kaye.

Mwini sitima sagulitsa mafuta ayi, amagulitsa masiku. Wobwereka sitima amalipirira nthawi yomwe sitimayo itakhale pa ulendo wake, choncho chomwe chimakoma kwa mwiniyo ndi ulendo wautali. Anthu a ntchitoyi amachulukitsa matani a katundu ndi mtunda womwe wayenda, n'kumatcha zimenezo tonne-mile. Migolo ya mafuta ikhoza kukhala yomweyo chaka chino ndi chatha, koma ngati ikupita kutali kuposa kale, sitima zimayamba kusowa ndipo mtengo wozibwerekera umakwera. Zili ngati galimoto ya hayala: ikatengedwa ndi munthu wopita kutali, otsala pa siteji amalimbirana zomwe zatsala.

Sitimazi zili m'magulu. Zikuluzikulu ndi za VLCC, zotalika mamita oposa 300, ndipo imodzi imanyamula migolo pafupifupi 2 miliyoni. Suezmax imanyamula theka la pamenepo, ndipo dzinalo likuchokera pakuti imadutsa ngalande ya Suez ya ku Egypt itadzaza. Aframax ndi ya migolo pafupifupi 700,000, yolowa m'madoko osazama kwambiri. Gulu lililonse lili ndi msika wakewake, ndiye mukamva kuti "mitengo ya sitima yakwera", muzifunsa kuti za gulu liti.

Taonani zomwe zinachitika ndi mafuta a Russia. Nkhondo ya ku Ukraine isanayambe mu February 2022, Aframax inkatenga mafuta pa doko la Primorsk ku Russia n'kukatula ku Rotterdam ku Netherlands sabata isanathe, kenako n'kubwerera kukatenga ena. Pa 5 December chaka chomwecho mayiko a European Union analetsa kugula mafuta a Russia obwera pa nyanja, ndipo mayiko asanu ndi awiri olemera a G7 anaika malire a madola 60 pa mgolo kwa aliyense wofuna sitima kapena inshuwalansi ya mayiko awo. Mafutawo sanasiye kutuluka. Anangosintha njira, n'kuyamba kupita ku India ndi ku China. Ulendo wa ku India umatenga pafupifupi mwezi, ndiye muwonjezerepo wobwerera sitima ili yopanda kanthu. Nawo a ku Ulaya anayamba kuitanitsa mafuta kuchokera ku America, ku West Africa ndi ku Middle East. Mbali zonse ziwiri maulendo anatalika, ndipo eni Aframax ndi Suezmax anadya bwino mu 2022 ndi 2023.

Pamenepa ndi pomwe panakulira gulu la sitima zoyenda mozemba, zomwe atolankhani amati shadow fleet. Ndi sitima zakale, zambiri zoposa zaka 15, zomwe bwenzi zitapita kale kukaphwanyidwa ku Alang ku India kapena ku Chattogram ku Bangladesh. Eni ake sadziwika bwino, mbendera zimasinthidwa pafupipafupi, ndipo nthawi zina amazimitsa kachipangizo koonetsa pomwe sitima ili n'kumatsanulirana mafuta pakati pa nyanja. Zimanyamula mafuta a Russia, Iran ndi Venezuela. Ine zimandiopsa, chifukwa tsiku lomwe imodzi idzang'ambike pafupi ndi gombe, wolipira chipukuta misozi adzasowa. Koma pa nkhani ya mitengo, chofunika n'chakuti sitima ikalowa m'gulu limeneli makampani akuluakulu a mafuta saibwerekanso. Pa 10 January 2025 boma la America linaika chiletso pa sitima 183 nthawi imodzi, ndipo ogula a ku China ndi ku India atayamba kusakasaka sitima zopanda mlandu, mitengo ya VLCC inalumpha m'masiku ochepa.

Nkhani yomwe ndikufuna muisunge kwambiri ndi ya 2020. Mu March chaka chimenecho Saudi Arabia ndi Russia anasemphana pa za kuchepetsa mafuta, Saudi Arabia n'kutsegula mipope yonse, nthawi yomweyo mliri wa Covid-19 utaimitsa ndege ndi magalimoto. Mafuta anasowa kosungira. Pa 20 April mtengo wa mafuta a WTI ku America unatsika mpaka pansi pa ziro, wogulitsa n'kumalipira wogula kuti amuchotsere katunduyo. Amalonda anayamba kubwereka sitima kuti zingoima pa nangula zitadzaza, kudikira kuti mtengo ukwere, ndipo VLCC imodzi inkapeza madola oposa 200,000 pa tsiku. Ndalama zoyendetsera sitima yotere, za antchito, inshuwalansi ndi kukonza, zimakhala pafupifupi madola 10,000 pa tsiku, ndiye dziwerengereni nokha phindu lake. Koma chisangalalo sichinakhalitse. OPEC, bungwe la mayiko ogulitsa mafuta kunja, ndi anzake atachepetsa mafuta, omwe anasungidwa aja n'kuyamba kutulutsidwa, katundu anasowa, ndipo 2021 inakhala chaka choipitsitsa pa zaka zambiri. Maulendo ena ndalama zomwe mwini ankalandira sizinkakwana n'komwe mafuta oyendetsera injini. Amene anagula masheya mu April 2020 ataona manambala okongola aja analira.

Za ku Nyanja Yofiira, njira yolowera ku ngalande ya Suez, munazimva. Kuyambira November 2023 a Houthi a ku Yemen anayamba kuwombera sitima, ndipo zambiri zinayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, kuwonjezera masiku khumi kapena kuposa. Zinakhudza kwambiri Suezmax ndi sitima zonyamula dizilo. VLCC yodzaza sidutsa Suez chikhalire. Mpata woopsa weniweni ndi wa Hormuz, potulukira ku Persian Gulf, pomwe mu 2024 pankadutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mafuta omwe dziko limagwiritsa ntchito.

Za VLCC zimayang'ana kwambiri OPEC, popeza katundu wake wambiri amachokera ku Persian Gulf kupita ku Asia. Njira yomwe onse amayezera msika ndi yochokera ku Ras Tanura ku Saudi Arabia kukafika ku Ningbo ku China, yomwe a Baltic Exchange ku London amaitcha TD3C. OPEC+ (OPEC ndi anzake aja) itachepetsa mafuta kuyambira kumapeto kwa 2022, sitimazi zinatsalira m'mbuyo pomwe zazing'ono zinkalemera. Kuyambira April 2025 mayikowa anayamba kubwezeretsa mafutawo pa msika, mtengo wa mgolo unatsika, koma kumapeto kwa chakacho VLCC inadutsa madola 100,000 pa tsiku. Funso lanu lija layankhidwa pamenepo: mafuta akachuluka amatchipa, komanso amafuna sitima zambiri. Muwonjezerepo mafuta a Brazil, Guyana ndi America, omwe ulendo wake wa ku China ndi wotalika pafupifupi kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi wochokera ku Gulf.

Mbali inayo ndi kuchuluka kwa sitima. Kumanga VLCC kumatenga zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mafakitale a ku South Korea ndi ku China anali atadzaza ndi maoda a sitima za makontena ndi za gasi, moti mu 2024 VLCC zatsopano zomwe zinalowa m'madzi zinali zowerengeka. Zimenezi zathandiza mitengo. Koma eni sitima ali ndi khalidwe lawo lakale: ndalama zikabwera onse amathamangira kukaoda zatsopano, ndipo zimafika pamodzi msika utazizira kale. Ndi zomwe zinachitika pambuyo pa 2008. Chinanso chondidetsa nkhawa ndi China, yomwe imagula mafuta kunja kuposa dziko lina lililonse, migolo pafupifupi 11 miliyoni pa tsiku. Kumeneko magalimoto amagetsi akuchuluka mofulumira, ndipo sitima yomwe ikuodedwa lero ikuyenera kudzagwira ntchito zaka 20.

Ndiye ngati mwatsimikiza, fufuzani zinthu zitatu pa kampani yanuyo, kaya ndi Frontline, DHT kapena ina. Sitima zake zili ndi zaka zingati? Ili ndi ngongole yochuluka bwanji, ndipo imafuna madola angati pa tsiku kuti isaluze? Nanga sitimazo zimabwerekedwa ulendo ndi ulendo, kapena zili pa mgwirizano wa zaka zingapo? Za ulendo ndi ulendozo zimalemera msanga n'kusaukanso msanga. Ndikanakhala ine sindikanaikapo ndalama za fizi ya ana.

Munditumizire dzina la kampaniyo tione limodzi malipoti ake. Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine,
Mnzanu wa kalekale