Kalata ya Abusa: Mlonda Wagona Mvula Ili Pafupi

Okondedwa akulu a mpingo, madikoni, amayi a Mvano, achinyamata ndi akhristu a m'milaga yonse,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu.

Ndakulemberani kalatayi mtima ukundiwawa chifukwa cha komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ija timangoti VCPC. Mitambo yayamba kuda ku mapiri a Thyolo, koma komitiyo yangotsala dzina. Afumu ataitana msonkhano, kunafika anthu osakwana ndi zala za dzanja limodzi zomwe. Ambiri mwa mamembala amene anajomba ndi akhristu a mpingo uno, ena amakhala mipando yakutsogolo Lamulungu lililonse. Nditawafunsa, yankho linali lofanana: "Abusa, kulibe alawansi."

Alawansi! Abale anga, mwaiwala msanga chotere?

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la magetsi la ku Kapichira, dziko lonse n'kukhala mumdima, ife kuno tikugona pa sukulu. Mu Malichi 2023 Freddy anatenga anthu oposa 1,000, ena matupi awo sanapezeke mpaka lero. Matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira mabanja ku Chilobwe. Tisanapukute misozi, mu 2024 kunadza ng'amba ya El Niño, boma n'kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya njala. Akuluakulu amene munakulira m'chigwa chino cha Shire mundichitire umboni: kale madzi oterewa ankabwera kamodzi pa zaka zambiri, munthu n'kumasimbira adzukulu. Lero angotipatsa mpata womanga nyumba, n'kubweranso kudzaigwetsa.

Ndipo mukudziwa kuti kwathu kuno madzi sadikira kuti mvula igwe pa denga lako. Imagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, ife kuno nyenyezi zikuwala, mtsinje wa Ruo n'kudzatipeza pakati pa usiku. N'chifukwa chake chenjezo ndi moyo. Limachoka kwa a zanyengo ku Blantyre, a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi, n'kulipereka ku khonsolo, khonsolo kwa komiti ya kwa mfumu yaikulu, kenaka kwa komiti ya m'mudzi. Wa ku Blantyre sangagogode pakhomo pa gogo wosayenda, sadziwa nyumba imene muli mayi wodwala pakati. Amene amadziwa ndi inu. Uthenga ukafika pa foni ya wapampando foniyo ili yozima, ntchito yonse ya akatswiri aja yathera pomwepo.

"Koma mlonda akaona lupanga likudza, osaomba lipenga, osachenjezedwa anthu, nilidza lupanga, nilichotsa mmodzi mwa iwo, ... mwazi wake ndidzaufuna pa dzanja la mlonda" (Ezekieli 33:6).

Ndinakaona ndekha katundu amene bungwe lina linatisiyira pulojekiti yake itatha. Chimkuzamawu chili pansi pa bedi, mabatire anasungunukira momwemo. Njinga ya komiti ikunyamula makala. Mtengo woyezera madzi ku mtsinje utoto wake unafufutika, moti sungasiyanitse pobiriwira, pachikasu ndi pofiira, ndipo palibenso amene amakauwerenga m'mawa. Pamene bungwe lija linkapereka chakudya chamasana ndi kangachepe ka mayendedwe, anthu ankalimbirana maudindo, ena mpaka kudana. Galimoto zawo zitasiya kubwera, aliyense anakumbukira kuti ali ndi munda. Koma mukangomva kuti kukulembedwa mayina a ufa ndi nyemba, bwalo limadzaza dzuwa lisanatuluke. Limeneli ndi tchimo, ndipo sindilitchula ndi dzina lina. Munthu amene anavomera udindo wa ulonda pamaso pa mudzi, n'kuusiya chifukwa sulipira, wagulitsa moyo wa mnansi wake.

Ndikudziwa kuti umphawi ulipo. Ndikudziwanso kuti utsi umene wasokoneza nyengo sunachoke m'mafuwa mwathu, ndipo n'zoona kuti mayiko olemera ali ndi ngongole kwa ife. Pa msonkhano wa ku Egypt mu 2022 anagwirizana zokhazikitsa thumba lothandiza mayiko osauka amene akuonongekedwa ndi nyengo. Tipemphere kuti lonjezolo lifike mpaka kuno. Koma alangizi ndi ochepa, midzi ndi yambiri, misewu imaduka madzi akangosefukira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chimene tili nacho m'manja ndi komiti yathuyi, ndipo ngakhale thandizo likadzabwera lidzafuna anthu amene amakumana, ali ndi kaundula woona, osati mayina a abale okhaokha.

Ena mwa inu mumati, "Mulungu atiteteza." Indedi amateteza. Nowa sanateteze banja lake ndi mawu amenewa okha. "Wochenjera aona zoipa, nabisala, koma achibwana angopitirira, nalipitsidwa" (Miyambo 22:3).

Tsono Loweruka likudzali, 8 koloko m'mawa, mkhristu aliyense amene ali m'komitiyi afike ku bwalo la afumu. Amene watopa adzanene poyera kuti mudzi usankhe wina. Palibe amene adzamunyoze. Akulu a milaga mubweretse mayina a okalamba, olumala, odwala ndi amayi oyembekezera a m'dera lanu, ndipo pa dzina lililonse mulembe achinyamata awiri odzamunyamula. Tchalitchi chathu chili pamtunda, a sesheni avomera kuti chikhale pothawira, choncho zimbudzi ziwiri zakumbuyo zikonzedwe mwezi uno. Abambo mubwere ndi makasu ndi mafosholo Lachitatu.

Lamulungu tidzakhala ndi chopereka chapadera chogulira mabatire, mawezulo, tochi ndi utoto. Banja lililonse K1,000, wosakwanitsa abweretse chimene ali nacho. Msungichuma adzawerenga ndalamazo pamaso pa mpingo tsiku lomwelo.

Ambuye akusungeni inu ndi ana anu.

Ine mtumiki mnzanu,
Mbusa wanu