Davis Cup ya m'zigawo sawina ndi katswiri mmodzi

A Mkonzi,

Tiloleni tiyankhulepo za mpikisano wa tenisi wa Davis Cup, makamaka ndime za m'zigawo zomwe mayiko ambiri a mu Africa amasewera. Nkhani yake ikapezeka pamasamba a zamasewero imakhala ya mizere itatu: dziko lakuti lakwera, lakuti latsika, kenako chithunzi cha mnyamata mmodzi wodziwika. Wowerenga amatsala akuganiza kuti dziko likakhala ndi katswiri mmodzi ndiye kuti zatheka. Malamulo a ndime zimenezi salola zimenezo.

Mpikisanowu unayamba mu 1900 ku Boston pakati pa America ndi Britain, ndipo umayendetsedwa ndi bungwe la tenisi la dziko lonse, lomwe kwa zaka zambiri lakhala likudziwika kuti ITF. Kuyambira 2020, pansi pa mayiko olimbirana chikho chenichenicho pali World Group I ndi World Group II, momwe mayiko a mbali zonse za dziko amasakanikirana. Pansi pa magulu awiriwa ndi pomwe pali ndime za m'zigawo, kuyambira Gulu Lachitatu kutsika. Kale Africa inkaphatikizidwa ndi Ulaya ngakhale m'magulu apansiwa, koma kuyambira 2010 Gulu Lachitatu la Africa limaseweredwa palokha. Opambana m'gululi amapita kukalimbirana malo mu World Group II kumayambiriro a chaka chotsatira, otsiriza amatsikira m'Gulu Lachinayi.

Mu World Group I ndi II mayiko awiri amakumana kwawo kwa limodzi mwa iwo, masiku awiri, masewero asanu. M'zigawo sizitero. Mayiko onse amasonkhana mumzinda umodzi kwa sabata imodzi, amagawidwa m'timagulu, kawirikawiri ta mayiko atatu kapena anayi, ndipo aliyense amakumana ndi aliyense m'kagulu kake lisanafike tsiku lomaliza lolimbirana kukwera kapena kupewa kutsika. Mayiko awiri akakumana amasewera katatu kokha, zonse tsiku limodzi. Amayamba osewera achiwiri a mbali zonse, kenako oyamba, pomaliza awiriawiri. Masewero alionse amatha wina akatenga maseti awiri mwa atatu.

Tawerengani nokha. Katswiri uja angathe kubweretsa pointi imodzi mwa zitatu ali yekha. Kuti dziko lipambane pafunika ziwiri. Yachiwiriyo ichokera kwa wosewera wachiwiri kapena ku masewero a awiriawiri, ndipo poti wachiwiriyo ndi amene amatsegula tsiku, akagonja katswiriyo amalowa m'bwalo akudziwa kuti akaterereka pang'ono zonse zatha. Kaputeni sangachite zaukathyali zoika wosewera wake wamphamvu pamalo achiwiri kuti akatole pointi yosavuta. Mwa awiri amene wasankha tsikulo, amene ali pamwamba pa mndandanda wa ATP, bungwe lomwe limasanja osewera aamuna a dziko lonse potengera mapointi awo, ndiye amakhala woyamba.

Mayiko ambiri njira yawo ndi imodzi: katswiriyo asewere yekha, apume pang'ono, abwerenso ku awiriawiri. Tsiku loyamba zimayenda. Koma ngati kagulu kali ndi mayiko anayi, ndiye kuti masewero asanu ndi atatu m'masiku anayi otsatizana, ndipo awiri omalizawo ndi amene amanena ngati dziko likwera. Pofika pamenepo miyendo yalemera, sevisi yachepa mphamvu, minofu ya m'ntchafu yayamba kukokana. Timu imaloledwa kutenga osewera opitirira awiri pa chifukwa chimenechi, koma wachitatu ndi wachinayi nthawi zambiri amakhala opita kukaombera m'manja, chifukwa palibe anawakonzekeretsa.

Apa ndi pomwe tikufuna aphunzitsi amve. Masewero a awiriawiri si a mmodzimmodzi ochitikira m'bwalo lotambalala. Bwalo la munthu mmodzi ndi la mamita 8.23 m'lifupi, la awiri ndi 10.97, kutanthauza kuti aliyense amasunga malo ochepa kuposa akakhala yekha, ndipo mpira umathera pafupi ndi neti. Wosevayo asathamangire mphamvu. Sevisi yoyamba izilowa kawirikawiri, ilunjike pakati pa bwalo kapena pathupi pa wolandira, chifukwa ikapita kumbali imamutsegulira wolandirayo mpata wodutsitsa mpira m'mphepete mwa mnzake wa wosevayo amene waima paneti. Wolandira abweze mopingasa ndiponso motsika, mpira ugwere kumapazi a wosevayo ngati akuthamangira kutsogolo. Neti pakati ndi yotalika mamita 0.914 pomwe kumitengo ndi 1.07, choncho mpira wodutsa pakati uli ndi mwayi waukulu. Wa paneti asaime ngati mlonda wa kanjira kake. Azidumphira pakati kukadula mpira, atamuuziratu mnzake ndi chizindikiro cha dzanja kumsana, kuti mnzakeyo athamangire mbali yomwe yasiyidwa. Cholakwika chofala ndi chakuti onse awiri amapezeka mbali imodzi, kapena mpira wapakati amausiyirana. Izi sizitheka kukonza m'masiku awiri a kuhotela. Anthu awiri ayenera kusewera limodzi miyezi, mpaka aliyense adziwe mbali yomwe amalandirira ndi amene amatenga mpira wokwezedwa m'mwamba.

Kaputeni naye ali ndi ntchito yeniyeni. Mu Davis Cup amakhala pampando m'bwalo momwemo ndipo amalangiza wosewera pa masekondi 90 osinthira mbali. Amaloledwanso kusintha mayina a awiriawiri masewero achiwiri akangotha, m'mphindi zochepa. Udindo umenewu si mphatso yopatsa mkulu wa komiti kuti akwereko ndege.

Anzathu a ku Zimbabwe anaonetsa kale phindu la kukhala ndi anthu oposa mmodzi. Mu 1998 Byron Black ndi mng'ono wake Wayne anagonjetsa Australia 3-2 ku Mildura, kwawo kwa eni akewo. Mu February 2000 ku Harare, America ya Andre Agassi, kaputeni wake ali John McEnroe, inagona tsiku lachiwiri ili kumbuyo 2-1 Wayne Black ndi Kevin Ullyett atapambana awiriawiri, ndipo inapulumuka 3-2 pa masewero omaliza enieni. Kumeneko awiriawiri anali pointi imodzi mwa zisanu. M'zigawo ndi imodzi mwa zitatu, ndipo zikakhala 1-1 ndi yomwe imagamula.

China chomwe chimagwetsa matimu ndi kupeputsa masewero achitatu pamene zinthu zili kale 2-0. Mayiko awiri akafanana m'kagulu amaona amene anapambana atakumana. Akafanana atatu, amawerenga masewero omwe aliyense anapambana, zikakanika maseti, zikakanikanso magemu. Dziko lopambana 2-1 kawiri lingathe kutsalira kumbuyo kwa lina lomwe linapambana 3-0 kamodzi ndi 2-1 kamodzi. Ngakhale wogonja ali ndi chifukwa chomenyera gemu iliyonse, poti 6-4 ndi 6-0 sizilemera mofanana tsiku lowerengera.

Za malo osewerera nazo zimafuna kukonzekera. Malamulo a ITF amalola mpira wapadera pamalo okwera kupitirira mamita 1,219 kuchokera pa nyanja yamchere. Harare, Pretoria ndi Nairobi ali pamwamba pa mlingo umenewu, pomwe Lilongwe ndi Blantyre ali pansi pake pang'ono. Kumalo okwera mpweya ndi wopepuka, mpira umathamanga ndi kudumpha kwambiri, ndipo womenya monga anazolowera kwawo amaona mipira ikugwera kunja kwa mzere wakumbuyo. Mankhwala ake ndi kufika masiku angapo mpikisano usanayambe, kuyeserera ndi mtundu weniweni wa mpira womwe udzagwiritsidwe ntchito, ndi kumangitsa zingwe za raketi molimbirapo ndi kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Kumpoto kwa Africa mabwalo ambiri ndi adothi lofiira, pomwe kum'mwera kuno ambiri ndi olimba. Padothi pamafunika nsapato zamizere yokhotakhota kunsi ndi luso lotsetsereka pofika pa mpira. Wosazolowera amaima mochedwa, ndipo mpira wotsatira umamupeza asanabwerere pakati. Wosewera aliyense anyamule maraketi atatu ofanana ndi zingwe zokwanira sabata yonse.

Za mapepala tingotchula mwachidule. Dziko liyenera kukhala membala wathunthu wa ITF, wosewera akhale ndi pasipoti ya dzikolo ndipo akhale atakwanitsa zaka 14. Mwana wobadwira kunja, kaya ku Johannesburg kaya ku London, nkhani yake iyambidwe msanga, chifukwa akangoseweretsedwa ndi dziko lina pa msinkhu wa akuluakulu kubwerera kumavuta. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2016 Davis Cup sipereka mapointi a ATP. Mnyamata amene akusakasaka mapointi m'mipikisano ing'onoing'ono amataya sabata yathunthu akabwera kudzasewerera dziko lake, choncho bungwe lomwe limamuuza mochedwa, tikiti osaoneka, lisadabwe akakana.

Pempho lathu kwa inu a Mkonzi ndi ili: mukamalemba za ndime zimenezi, tipatseni zotsatira za masewero onse atatu ndi maseti ake, mayina a amene anasewera awiriawiri, mtundu wa bwalo, ndi mmene kagulu kaimira tsiku lililonse.

Aphunzitsi a tenisi,
Blantyre