Za sutikesi yanu ija

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo nditafika pamene mukufunsa za sutikesi munandisungitsa ija, mtima unangoti myuu. Ndiyambe ndi kupepesa ndisanafotokoze.

Mwezi wamawa tikuchoka kuno ku Chilomoni kupita m'nyumba ya zipinda ziwiri, poti alamu anu apuma pantchito, choncho ndinatulutsira pabwalo zonse zimene zinaunjikana kuchipinda kwa zaka 14. Munali masefuliya obooka, wailesi ya kaseti, mayunifolomu a ana amene lero akumeta ndevu, ndiponso mulu wa zitenje za maukwati, ena mwa maukwatiwo anatha kalekale koma zitenje zikadali zatsopano. Apongozi anakhala pamkeka n'kumaloza chilichonse kuti chidzagwira ntchito tsiku lina, ngakhale simbi ya makala yopanda chogwirira, ndipo tinalimbana mpaka dzuwa kupendeka.

Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe, amayi a mvano kwathu sanasiye kutolera zovala ndi ziwiya. Kaunjika nayenso anakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, moti bulangete limene ine ndinkaliyesa sanza, wina akulifuna usiku womwe uno. Ndinachapa zonse n'kuzisita, pakuti si ulemu kupatsa munthu chovala chonunkha nkhungu, ndipo zong'ambika ndinazisiya zikhale zokolopera.

Tsono musutikesi mwanu njenjete zinali zitachita phwando, koma jekete lanu lofiira lija linapulumuka. Ndinadziuza kuti ku Johannesburg majekete ndi osayamba, ndipo ndinaliponya m'thumba. Lamulungu lapitali ndinaliona m'tchalitchi, mabenchi awiri kutsogolo kwanga, litavalidwa ndi mayi wina wobereka mwana, ndipo ndinalizindikira ndi batani limene ndinasokerera ndekha ndi ulusi wakuda. Ulaliki wonse sindinaumve. Chiyambire tsikulo tulo sindikutiona, ndimangoganiza inu mukutsika basi pa Wenela nthawi ya Khirisimasi, n'kukumana maso ndi maso ndi jekete lanu likudikira minibasi, kenako nkhani n'kufika kwa azakhali anu, amene mukudziwa kuti sasunga mawu mkamwa. Ndinafika poganiza zokaligula kwa mayiyo, koma ndikayamba bwanji? Komanso, malinga ndi chithunzi munatumiza chija, achemwali, nyama ya ku Joni yakuyanjani, ndipo jeketelo silikanakukwananinso.

Mpango wa malemu mayi anu sindinaupereke. Unali pansi penipeni, wopindidwa monga ankaupindira eni ake, ndipo nditautambasula ndinakhala pansi nthawi yaitali, apongozi nawonso anangoti chete. Ndauika m'pepala lapulasitiki pamodzi ndi zithunzi zathu za Fomu 4.

Zatsala ndi nsapato zanu zazitali zija, zimene palibe amene wazifuna ngakhale zaulere, ndiye mundiuze msanga ngati, pepani pepala latha, zina ndidza