Sukulu zisaveke ana athu zaufiti n'kumati ndi masewera

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu ndidandaule pa zimene sukulu ina yolipira kuno ku Chipata yatichitira ife makolo. Sabata yomaliza ya Okutobala mdzukulu wanga wa giredi 4 anabwera ndi kakalata kochokera kwa ahedi. Kakalatako kanati pa 31 ana onse apite kusukulu atavala ngati mfiti, mizukwa kapena mafupa a munthu wakufa, chifukwa kukakhala chisangalalo cha Halloween. Kholo lililonse litumize ndalama ya maswiti ndi ya penti wopaka kumaso, ndipo mwana woopsa kuposa anzake akalandira mphoto. M'munsi mwa kalatayo munali chidindo cha sukulu, ndipo pachidindopo pali vesi la m'buku la Miyambo lonena za kulera mwana m'njira imene ayenera kuyendamo. Vesi ndi mfiti papepala limodzi, ndipo palibe mphunzitsi ngakhale mmodzi amene anachita nazo manyazi.

Mdzukuluyo sindinamutumize tsiku limenelo. Analira, chifukwa anzake onse anapita, ndipo mwana wa msinkhu wake sangamvetse chifukwa chake agogo akumukaniza chinthu chimene aphunzitsi avomereza. Apa ndi pamene pandipweteka kwambiri. Sukulu yandiyambanitsa ndi mwana wa m'nyumba mwanga. Yamuphunzitsa kuti zimene amamva kunyumba ndi ku Sande sukulu ndi zachikale, za anthu osadziwa kusangalala. Anawapatsa ndani ahedi mphamvu imeneyi? Anatifunsa liti? Pamsonkhano uti wa makolo ndi aphunzitsi pamene tinakweza manja kuvomereza kuti ana athu apakidwe magazi abodza kukamwa? Ikafika nkhani yokweza fizi amadziwa kutiitana, amatumiza mameseji pa WhatsApp mpaka usiku. Nkhani yokhudza chikhulupiriro cha ana yangotifikira ngati lamulo.

Nditapita kukafunsa, yankho linali limene mukulidziwa kale: ndi masewera chabe, ana a kunja amachita, musaganize zambiri. Ndikufuna amene amayankha choncho andiuze ngati anabadwira m'dziko lino. Kuno kwathu ufiti si chidole. Mawu akuti mfiti amapha munthu. M'midzi yathu ya kum'mawa kuno alipo agogo amene anawotcheredwa nyumba, kuthamangitsidwa pamudzi pamene anakalambira, ena kumenyedwa mpaka kufa, chifukwa mwana wina anadwala malungo ndipo wina analota nkhope ya nkhalamba. Mlandu wawo unali imvi, maso ofiira ndi utsi wa m'khitchini, ndi kukhala okha popanda wowateteza. Ndiye tsopano tikutenga kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, tikukaveka nsanza, tikukapindika msana, tikukapatsa ndodo ndi tsache, n'kukauza kuti umu ndi mmene mfiti imaonekera. Kodi mwana ameneyu akapita kumudzi pa holide n'kuona agogo ake aakazi akuyenda ndi ndodo atawerama, m'mutu mwake mudzabwera chiyani? Aphunzitsi analiganizira funso limeneli?

Ngakhale malamulo a dziko sayesa nkhaniyi nthabwala. Lamulo la Witchcraft Act, chaputala 90 cha malamulo a Zambia, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kudzionetsa kuti uli ndi mphamvu zaufiti ndi mlandunso. Sindikunena kuti apolisi akagwire ana a giredi 4. Ndikunena kuti chinthu chimene dziko linachiona kuti n'choopsa mpaka kuchilembera lamulo sichiyenera kupatsidwa mphoto pabwalo la sukulu. Ndipo tonse tikukumbukira chaka cha 2020, pamene mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba zinafalikira dziko lonse, anthu osalakwa n'kuphedwa ndi magulu okwiya m'misewu. Mantha a zamdima m'dziko lino sachedwa kusanduka maliro.

Dziko la Zambia linalengezedwa kukhala la Chikhristu ndi Pulezidenti Frederick Chiluba pa 29 Disembala 1991, ndipo mawu amenewo analowa m'chiyambi cha malamulo aakulu a dziko mu 1996, mpaka lero alimo. Pa 18 Okutobala timakhala ndi tsiku la mapemphero, kusala kudya ndi kulapa, limene Pulezidenti Edgar Lungu analikhazikitsa mu 2015. Pa 24 timakweza mbendera kukumbukira ufulu wa 1964. Ndiye mwezi womwewo, sabata ziwiri zisanathe chilapire, tikutsekera ndi kuvina ngati akufa odzuka m'manda? Buku la Deuteronomo 18 ndime 10 mpaka 12 likuletsa poyera za ula, za nyanga ndi zofunsira kwa akufa, ndipo likuti zimenezi zimanyansa Mulungu. Paulo polembera Aefeso, pa chaputala 5 ndime 11, akuti tisayanjane ndi ntchito za mdima koma tizidzudzule. Ahedi omwewa ndi amene amatsogolera pemphero Lolemba lililonse m'mawa ana ali pamzere. Asankhe chimodzi.

Ena ophunzira amati mwambowu uli ndi mizu m'tchalitchi, chifukwa umagwa usiku wotsogolera tsiku la Oyera Onse. N'zoona kuti pa 1 Novembala abale athu Akatolika amakumbukira oyera onse, ndipo pa 2 amapempherera akufa awo. Koma pitani ku tchalitchi chawo cha St Anne's mukaone ngati mukapeze munthu atavala nyanga za satana. Amapita ku Misa, amatchula mayina a amene anatisiya, mwaulemu. Zigoba zoopsa ndi mizukwa zinachokera kwina, ku miyambo yakale ya anthu a ku Ireland ndi Scotland, amene ankakhulupirira kuti kumapeto kwa nyengo yokolola, dzinja lawo lozizira likamayamba, mizimu imayendayenda pakati pa amoyo. Anthu a ku Ireland atasamukira ku America mwaunyinji chifukwa cha njala ya m'ma 1840 anapita nawo mwambowo, ndipo kumeneko amalonda anausandutsa msika wa maswiti ndi zovala. Ife tautenga kumapeto kwenikweni, kudzera m'mafilimu ndi pa TikTok. Kwa iwo ndi nthawi yokolola maungu. Kwa ife Okutobala ndi dzuwa lowotcha, minda ili gwa, anthu akuyang'ana kumwamba kudikira mvula ndi feteleza. Mpake kuti maungu amene anapachikidwa pakhomo la kalasi anali apulasitiki.

Ine ndine wa Reformed Church in Zambia, mpingo umene unayambira kuno kwathu, ku Magwero, mu 1899. Kwa ife tsiku la 31 Okutobala lili ndi mwini wake. Ndi tsiku limene timakumbukira Martin Luther ndi mfundo zake 95 zimene anazitulutsa ku Wittenberg mu 1517, chiyambi cha kukonzanso mpingo. Funsani ana a pasukulu imeneyo amene anamvapo dzina la Luther, kapena amene akudziwa kuti kufupi ndi tauni yawo kuli Magwero kumene kuli sukulu za ana osaona ndi osamva. Koma dzina la chigoba chilichonse cha m'filimu akulidziwa pamtima.

Pali chinanso chimene chandikwiyitsa kuposa zonsezi, ndipo abusa athu andimve bwino. Kwa zaka zambirimbiri mipingo yakhala ikudula anthu chifukwa cha Gule Wamkulu. Mnyamata akalowa kudambwe, mgonero ankauiwala. Makolo athu anauzidwa kuti asankhe pakati pa kalasi ya ubatizo ndi bwalo la gule, ndipo mabanja ena anagawikana pa nkhani imeneyi mpaka kumanda. Gule ameneyu UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse a padziko, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pamwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Ine sindikupempha kuti Kasiyamaliro abwere kudzavina pabwalo la sukulu, ndipo zimene mpingo wanga umaphunzitsa pa za nyau ndimazisunga. Koma ndikufuna chilungamo. Ngati chigoba chosema ndi amalume a mwana chili chosayenera kwa Mkhristu, chigoba cha pulasitiki chobwera m'kontena chayera bwanji? Chilombo cha gule chimatuluka pamaliro ndi pachinamwali, chili ndi malamulo ake, chili ndi mwambo umene chikulangiza. Chigoba cha Halloween chikulangiza chiyani? Makolo omwe angakomoke atamva kuti mwana wawo waonerera gule ku Katete ndi omwe anali kujambula ana awo ovala zamizukwa n'kumaika pa Facebook. Chinthu chikangochokera kwa azungu timachilandira ndi manja awiri osachinunkhiza n'komwe.

Ndipo si Halloween yokha. Sukulu zolipirazi zafika potiyesa chitsime chosaphwa. Mwezi uno tsiku lovala zakunyumba, lipirani. Mwezi wamawa tsiku la makeke, lipirani. Mwana wa kusukulu ya mkaka akumaliza chaka, mugulireni gauni ngati watenga digiri. Kholo logulitsa tomato ku Saturday Market limadzimana kuti mwana aphunzire kuwerenga ndi masamu, pamene thumba la ufa likulilemera kale, osati kuti ligule mano a pulasitiki. Sukulu zina zomwezi zimalanga mwana akalankhula Chinyanja m'kalasi. Ana akukulira mtunda wochepa kuchoka ku Mtenguleni koma sadziwa kuti Nc'wala ndi chiyani, sadziwa chifukwa chake Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zipatso zoyamba mu Febuluwale. Nthawi yowaphunzitsa zimenezi akuti palibe chifukwa silabasi ndi yaitali. Nthawi yopaka penti kumaso tsiku lathunthu, mayeso a kumapeto kwa chaka ali pakhomo, inapezeka.

Ndikudziwa kuti m'tauni muno si tonse Akhristu. Tili ndi abale athu Asilamu ndi Ahindu amene takhala nawo mwamtendere kuyambira kale, ndipo munthu wamkulu akafuna kuvala zimene akufuna kumalo ake achisangalalo, zimenezo ndi zake ndi Mulungu wake. Koma sukulu si malo omwera mowa. Kumeneko timapereka ana aang'ono m'manja mwa anthu amene tawakhulupirira, ndipo mwana satha kukana zimene aphunzitsi anena.

Pempho langa n'lalifupi. Ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma, ilembere sukulu zonse za m'boma lino, zolipira ndi zaboma, kuti chisangalalo chilichonse chokhudza chipembedzo kapena mizimu chiyambe chadutsa pamsonkhano wa makolo, ndipo mwana amene sanapite asalembedwe kuti wajomba. Mabungwe atatu aakulu a mipingo, Council of Churches in Zambia, Evangelical Fellowship of Zambia ndi msonkhano wa mabishopu Achikatolika, alankhulepo Okutobala wina asanafike, chifukwa eni sukuluzi amakhala m'mabenchi awo Lamulungu lililonse. Ngati ahedi akufuna tsiku loti ana asangalale, aitane agogo adzawasimbire nthano, kapena akweze anawo basi akacheze ndi anzawo ku Magwero. Ndalama ya basi imeneyo ndidzakhala woyamba kupereka.

Ndine,
Agogo odandaula,
Kapata, Chipata