Usawachititse manyazi azamba, mwana wanga

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi bambo a ana ndi adzukulu angawo. Kuno tilipo, mawondo aja ndi omwewo.

Azakhali ako abwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Akuti pa maphunziro amene ukuyendetsa m'zipatala zing'onozing'ono aja, unaimiritsa mzamba wina wachikulire pamaso pa anzake n'kumufunsa kuti, "Kodi inu mumawerenga?" Ndikanakonda likhale bodza, koma kayankhulidwe kameneko ndikukadziwa. Unkatero kale kwa achimwene ako pa nkhani ya masamu.

Zimene ukuphunzitsazo ndi zoona, sindikutsutsa ayi. Ife a m'chipatala tinaphunzitsidwa kuti mwana wobadwa masiku asanakwane ayambe wagona m'makina otenthetsa, akapeza mphamvu ndiye apite pachifuwa cha mayi ake. Kenako kunabwera kafukufuku uja wa 2021, amene anachitikira ku Queens ku Blantyre pamodzi ndi zipatala za ku Ghana, India, Nigeria ndi Tanzania. Ana olemera pakati pa kilogalamu 1 ndi 1.8 amene anaikidwa pachifuwa atangobadwa, imfa zawo zinatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mu 2022 a WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, anati kangaru, kuika mwana pachifuwa kumeneku, aziyamba nthawi yomweyo, osadikira. Waona? Nanenso ndimawerenga, ngakhale maso akuvuta.

Koma mzamba uja sanalakwe kanthu. Akuchita zomwe anauzidwa ndi anthu amene anabwera iwe usanabwere, nawonso atanyamula mapepala. Unamufunsa kuti usiku amakhala ndi ndani m'wodi? Kawirikawiri amakhala yekha, kuno wina akuchira, uko wina akutaya magazi. Mayi wochitidwa opareshoni sangamange mwana pachifuwa tsiku lomwelo, nanga amange ndani, agogo kapena bambo? Nanga bambo amaloledwa kulowa m'wodi imeneyo? Bedi la mayi pafupi ndi mwana wa pa mpweya lilipo? Mayankho a zimenezi ali ndi iyeyo, amene wamuchititsa manyaziyo.

Mu 1993, pamene boma linasiya chloroquine n'kutengera Fansidar, iwe unali kumsana. Odwala ankakana, ati mapiritsi atatu kumwa kamodzi sangachize malungo, tibayeni jakisoni. Anzanga ena ankagwirizana nawo chamumtima. Kunabwera bwana wina pa galimoto, anatiwerengera kalata ataimirira, n'kumapita. Palibe chimene chinasintha. Amene anatitembenuza anali dokotala wathu wamng'ono, pa nthawi ya tiyi. Anatsegula kaundula wathu yemwe, n'kutionetsa ana amene tinawapatsa chloroquine akubweranso thupi likadali lotentha, ena magazi atatha. Zolembazo zinali za manja athu, ndiye tikanatsutsa chiyani? Pofika 2007, LA atabwera, tinali titazolowera kuti mankhwala amatha mphamvu ndipo malangizo amasintha.

Iwenso chita choncho. Khala nawo pansi, uwapemphe kaundula wa ana obadwa ochepa thupi, muwerenge limodzi amene anapita kwawo ndi amene sanapite. Tenga chitenje umange mwana pachifuwa cha mayi ndi manja ako, iwo akuona. Ndipo usamangobwera ndi kubwerera dzuwa lisanalowe, ugoneko usiku umodzi uone mmene zimakhalira magetsi akazima.

Za maphunziro a m'mahotela a kunyanja zija ndinakuuza kale. Anthu amasainira alawansi, amadya chambo, akabwerera kuwodi zonse zili momwe zinalili. Sindikuti usapiteko, ana akufunika fizi, koma usaganize kuti ntchito yathera pamenepo.

Ndimakunyadira, usaiwale. Tsiku lomwe unavala gauni bambo ako akanakhalapo akanalira. Koma mtima wakowo, mwana wanga, mtima wakowo! Mzamba wochititsidwa manyazi amavomera ndi mutu, iwe ukangotuluka pageti amabwerera ku zakale, ndipo wovutika ndi kamwana ka kilogalamu imodzi kaja. Usamufunse munthu wa msinkhu wanga ngati amawerenga.

Upite ukamupepese, pa awiri, usanapite ku chipatala china. Umutengereko shuga. Ukatero undiimbire, ndipo undiuzenso saizi ya nsapato ya mtsikana wamkuluyo, ndaona zabwino pamsika.

Ndine mayi ako.