Kalata: za mayi amene anayamba kupeza kachilombo ka HIV

Lilongwe

Wokondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili bwino, kungoti kutentha ndi fumbi zafika poipa, mvula tikuyidikirabe.

Munafunsa kuti ndani kwenikweni anapeza kachilombo ka HIV, poti mukufuna kukafotokozera gulu lanu la achinyamata. Dzina loti muligwire ndi la mayi Françoise Barré-Sinoussi, wobadwira ku Paris mu 1947, amene ankagwira ntchito ku Institut Pasteur, malo ofufuzira za matenda mumzinda womwewo. Mu 2008 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Luc Montagnier, mkulu wa gulu limene ankagwira nalo ntchito. Koma musakathere pa za mphotoyo. Mukawauze mmene ntchitoyo inayendera, chifukwa zonse zimene timachita m'zipatala zathu lero zinachokera pamenepo.

Mu Januwale 1983 madokotala anadula kachidutswa ka mwanabele wa m'khosi mwa wodwala wina n'kukatumiza ku labotale. Maselo a chitetezo a m'kachidutswako, aja timati asilikali a m'thupi, anawaika m'botolo momwe munali zowadyetsa kuti apitirize kukhala ndi moyo. Kachilomboko sakanakaona ndi maikulosikopu wamba, ndiye ankafufuza fungo lake, titero kunena kwake. Tizilombo ta mtundu umene ankauganizira, totchedwa retrovirus, timayenda ndi chida chotchedwa reverse transcriptase, chimene chimasandutsa RNA, malangizo a chibadwa cha kachilombo, kukhala DNA yoti ilowe m'malangizo a selo ya munthu. Mayiwa ankatapa madzi a m'botolomo masiku atatu kapena anayi alionse n'kuyeza ngati chidacho chilimo. Patatha pafupifupi masabata awiri chinaoneka. Kenako chinayamba kuchepa, maselo nawonso akufa.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Kachilombo kena ka mtundu womwewu kamene kankadziwika kale, HTLV-1, kamachulukitsa maselo, sikawapha. Munthu woyembekeza zimenezo akanasiya botolo kwa mwezi n'kudzaliyeza kamodzi, akanapeza maselo atafa, chizindikiro palibe, n'kutaya zonse. Iwo anapempha magazi atsopano a munthu wathanzi, n'kuthiramo maselo ake, ndipo chizindikiro chinakweranso. Zinaonetsa kuti chimene chikupha maselo ndi kachilomboko. Zotsatira zinatuluka m'magazini ya Science mu Meyi 1983. Poyamba anakatcha LAV, dzina loti HIV linabwera mu 1986. Kuno kwathu wodwala woyamba anapezeka mu 1985, ndipo ma ARV aulere anayamba mu 2004. Zaka zapakatipo inu mukuzidziwa, maliro ake tinayendera limodzi.

Chida chija musachiiwale, chifukwa chili m'piritsi limene anthu akumwa tsiku ndi tsiku. M'piritsi limeneli, lotchedwa TLD, muli mankhwala atatu. Tenofovir ndi lamivudine amatsekereza reverse transcriptase yomweyo. Dolutegravir amatsekereza chida china chimene chimasokerera DNA ya kachilombo mu DNA ya munthu. Vuto la reverse transcriptase n'lakuti imalakwitsa kwambiri pokopera. Munthu akamadumphitsa mankhwala, tizilombo timaswana mankhwalawo ali ochepa m'magazi, ndipo pa zolakwika zija pamapezeka tina tosamva mankhwala, n'kuchuluka. N'chifukwa chake timayeza viral load, kuchuluka kwa tizilombo m'magazi, pakatha miyezi 6 munthu atayamba mankhwala, kenako chaka chilichonse. Ikapitirira tizilombo 1,000 pa mililita imodzi ya magazi sitithamangira kusintha mankhwala. Timayamba takhala naye pansi za kamwedwe, n'kudzayezanso patatha miyezi itatu. Nthawi zambiri vuto limakhala lakuti mankhwala akubisidwa kwa mwamuna kapena mkazi, kapena ulendo unamupeza botolo lili kunyumba.

Za ana ndi zimene zimasokoneza anthu ambiri, ndipo mayiwa anafufuzanso kwa zaka zambiri za mmene kachilombo kamachokera kwa mayi kupita kwa mwana. Kachipangizo koyezera mwachangu ka pachala sikafufuza kachilombo, kamafufuza ma antibody, zinthu zimene thupi limapanga polimbana ndi kachilombo. Khanda limabadwa ndi ma antibody a mayi ake, ndipo amatha kukhalabe m'magazi mpaka miyezi 18. Mukaliyeza ndi kachipangizoko lingaoneke ngati lili ndi kachilombo pamene lilibe. Ndiye pa masabata 6 timatenga magazi a kuchidendene kuti akayezedwe ndi PCR, imene imafufuza kachilombo kenikeniko.

Magazi amenewa amadonthezedwa pa kapepala kokhala ndi mabwalo asanu, ndipo zolakwika zambiri zimachitikira pano, osati pa makina. Spiriti iyenera kuuma kaye musanabaye. Dontho loyamba mumalipukuta. Musafinye chidendene mwamphamvu, chifukwa madzi a m'minofu amasakanikira ndi magazi. Bwalo lidzaze ndi dontho limodzi lalikulu lolowerera mpaka kuseri kwa pepala, osati timadontho tosanjikiza. Kenako pepala liume pamthunzi, litagona chafulati, maola osachepera atatu, lisanalowe m'kajumbo kokhala ndi timapaketi toyamwa chinyezi. Nthawi ya dzinja anthu amafulumira kulongedza likadali lonyowa, limachita nkhungu, ku labotale n'kulikana. Zikatero ndi mayi uja amene wayenda mtunda wautali mwana ali kumbuyo amene amauzidwa kuti abwerenso. Zimenezi zimandipweteka mtima kwambiri, chifukwa n'zopeweka.

Mukawauzenso kuti Lilongwe ili m'nkhaniyi. Kafukufuku wa HPTN 052, amene anatsata m'mayiko angapo mabanja 1,763 momwe mmodzi ali ndi kachilombo wina alibe, anachitikiranso ku UNC Project, malo ochitira kafukufuku pa Kamuzu Central Hospital. Mu 2011 anaonetsa kuti kuyamba ma ARV msanga kunachepetsa kupatsirana ndi 96 peresenti. Chaka chomwecho Malawi anakhala dziko loyamba kuyambitsa Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ayambe mankhwala a moyo wonse osadikira kuyeza kuchuluka kwa CD4, maselo a chitetezo aja.

Achinyamatawo akakufunsani ndithu kuti nanga bwanji mankhwala ochiziratu kulibe. Yankho lili pa DNA ija yosokereredwa. Maselo ena a CD4 amagona tulo kwa zaka zambiri kachilombo kali mkati mwawo, ndipo mankhwala sawakhudza popeza sikakuswana. Munthu akasiya kumwa, m'masabata ochepa kachilombo kamabwereranso m'magazi, ngakhale viral load yake inali yosaoneka kwa zaka khumi. Mayi Barré-Sinoussi anathera zaka zawo zomaliza pantchito pa funso limeneli, makamaka pamene anali pulezidenti wa International AIDS Society kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo ankaphunzira kwambiri za anthu ochepa aja amene thupi lawo limapondereza kachilombo lokha popanda mankhwala. Anapuma pa ntchito ya labotale mu 2015. Ndiye wina akadzati mapemphero kapena mankhwala azitsamba amuchiritsa chifukwa zotsatira zikuti kachilombo sikakuoneka, mumufotokozere za maselo ogonawa modekha, ndipo asasiye mankhwala.

Mundilembere mafunso amene akafunse, ndidzayankha limodzi ndi limodzi. Mupereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzanu wa kuno ku Lilongwe.