Kalata kwa mphwanga wofuna kulemba mapulogalamu a kompyuta

Wokondedwa mphwanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amayi ako ndi agogo. Kuno ku Lilongwe tilipo, kungoti kwatentha. Amayi ako andiuza pafoni kuti sukuwapatsa mpata ndi funso lakuti uyambe chilankhulo chiti cha kompyuta, poti mnzako wa m'kalasi akuti Java, mkulu wake akuti C++ ndiye cha madolo. Ndiye akuti ndikuyankhe ine, poti ndi ntchito imene ndimadyera.

Yamba ndi Scratch. Anaipanga ku yunivesite ya MIT ku America, inatuluka mu 2007, ndipo anaipangira ana a msinkhu wako. Ndi yaulere, ndipo ukaiika kamodzi mu laputopu yakale ya amayi ako ija, imagwira ntchito popanda bandulo. Mu Scratch sulemba mawu ambiri. Umakoka timidadada tamitundumitundu n'kutilumikiza, ndipo kamphaka kamene kali pakati kamachita zimene wakalamula.

Tayesa izi. Manambala a m'timidadada umawasintha wekha. Tenga kamdadada ka "move" ukasinthe kakhale "move 100 steps", pansi pake ulumikize "turn 90 degrees", kenako "wait 1 seconds" kuti uone bwino. Tonse titatu utilowetse m'kati mwa "repeat 4". Ukadina, mphaka ayenda, akhota, ayenda, akhota, mpaka abwerere pomwe anayambira. Tsopano sintha 4 akhale 3, ndipo upeze wekha nambala yoti ilowe m'malo mwa 90 kuti mphakayo abwererebe pamalo pake. Sindikuuza yankho. Ukalakwitsa adzangosochera, palibe chimene chiwonongeke.

Ena adzakuseka kuti Scratch ndi zachibwana. Aleke. Kubwereza kuja, ndi kuuza kompyuta kuti "ngati zatere, chita chakuti", ndi kuisungitsa nambala kuti uigwiritse ntchito patsogolo, ndi zomwezo zimene ine ndimachita ku ofesi, kungoti ine ndimazilemba ndi zilembo.

Ukapanga masewera ako awiri kapena atatu n'kuwamaliza, osati kuwasiyira panjira, upite ku Python. Anaiyambitsa Guido van Rossum wa ku Netherlands, inatuluka mu 1991, ndipo lero asayansi, owerengera ndalama ndi opanga AI (makina otengera nzeru za munthu) ambiri amaigwiritsa ntchito. Ndimaikonda chifukwa imawerengeka. Taona mizere iwiri iyi:

for n in range(1, 13):
    print(7 * n)

Imeneyi ikulembera thebulo la 7 lonse, kuyambira 7 mpaka 84, usanaphethire n'komwe. Koma uchenjere ndi timadontho tiwiri takumapeto kwa mzere woyamba, ndi mpata umene uli kumayambiriro kwa mzere wachiwiri. Ukaiwala chimodzi, Python ikana kwamtuwagalu. Kompyuta siganizira zimene umafuna kunena. Imamva zimene walemba basi.

Ngati udzakonde kupanga mawebusaiti, udzaphunzire HTML ndi JavaScript. Java ndi C++ za anzako zija ndi zabwino ndithu, koma zimafuna kulemba zambiri usanaone kalikonse, ndipo mwana amatopa nazo msanga. Zidikire.

Usadandaule kuti mwina usankha chilankhulo chimene chidzatha. Palibe amene amalosera bwino zimenezi. Flash inali paliponse pa intaneti, masewera ndi makatuni ambiri ankapangidwa nayo, koma inatsekedwa kumapeto kwa 2020. COBOL ya mu 1959, yomwe anthu akhala akuiimbira nyimbo ya maliro kwa zaka zambiri, ikugwirabe ntchito m'mabanki ena akuluakulu. Wodziwa bwino chilankhulo chimodzi savutika kuphunzira chachiwiri.

Pali nkhani inanso. Chitulukireni ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, mu 2022, makina akutha kulemba okha mapulogalamu, ndipo inenso ndimawagwiritsa ntchito. Nthawi zina amalemba zolakwika mosachita manyazi, ndiye woziona ndi amene akudziwa kuwerenga pulogalamu. Ukadzakula pang'ono, amayi ako atakulola, uziwafunsa kuti akufotokozere pamene walakwitsa. Koma usamaike mu pulogalamu yako mzere umene sungathe kundifotokozera, chifukwa ndidzakufunsa.

Masamu usawanyalanyaze, Chingerezi chimodzimodzi, poti uthenga wonena kuti walakwitsa umabwera m'Chingerezi. Uphunzirenso kutayipa ndi zala zonse khumi, osati kujompha ndi chala chimodzi ngati nkhuku pa chimanga. Magetsi akathima, tenga kope ndi pensulo, ulembe zimene mphaka achite, choyamba mpaka chomaliza, n'kudzaziyesa akayaka.

Ndibwera pa holide. Ndikufuna ndidzasewere masewera opanga iwe, ngakhale atakhala a mphaka wothamangitsa mbewa chabe. Undiperekere moni kwa agogo, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja ndawagula.

Ndine,
Malume ako